Mzungu Wokana Moni ndi Mawu a Anachisale

Loweruka lapitali ndinatsala pang'ono kuchotsedwa m'gulu la amayi chifukwa cha mlendo amene ndinamuitana ndekha. Mlandu wake? Anakana moni.

Inde, mwawerenga bwino. Bambo aakulu ndi imvi zawo, atakhala pakati pa Amalawi odzaza holo ku College Park, kuno ku America, amayi akuwabwerera mmodzimmodzi ndi "muli bwanji", iwo n'kumangoika chala pamlomo. Inu mukudziwa mmene tilili. Munthu akhoza kukubera mbuzi, nkhani n'kukathera pabwalo, mawa n'kumwera limodzi thobwa. Koma wokana moni timamusungira mpaka kwa adzukulu ake.

Musanawaweruze, ndiloleni ndikuuzeni kuti ndi ndani, ndiponso chimene tinasonkhanira.

Dzina lawo ndi a Howard, aneba anga kuno ku Silver Spring. Khomo lawo layandikana ndi langa. Anapuma pantchito m'boma, amakhala okha, tsitsi laimvilo amalimanga kumbuyo ngati mtsikana wa sekondale, ndipo malaya awo mukawaona mungati anagwera m'zidebe za penti. Tinadziwana mwa ndewu. Tsiku lina masana ndinali nditangochoka ku shifiti, msana ukupempha bedi, koma kuseri kwa khoma gitala ikulira osaleka. Ndinakagogoda mawu nditakonzeratu. Ndinawafunsa ngati nyimbo yawoyo ili ndi mathero, kapena ndingodikira kubwera kwa Ambuye.

Anaseka, anapepesa, anatsitsa wailesi, kenako anati ndilowe ndidzaone. Abale inu, khoma lonse la pabalaza ndi matepi okhaokha, kuyambira pansi mpaka kudenga. Onsewo ndi a gulu limodzi loimba, lakalekale la kunoko, limene ena mwa oimba ake anatsogola kale. Si matepi a m'sitolo ayi. Anajambulidwa ndi anthu wamba ali m'kati mwa chinamtindi, gululo likuimba pamaso pa anthu. Oimbawo ankalola zimenezi. Okonda gululo ankalitsata mzinda ndi mzinda, ena atanyamula maikolofoni pa ndodo zazitali, kujambula chilichonse, kenako n'kumagawana. Lamulo lawo ndi limodzi, ndipo a Howard amalinena nkhope itauma ngati akuwerenga malamulo a Mose: tepi sigulitsidwa, imaperekedwa.

Ndinafunsa zimene inunso mukanafunsa. Nyimbo yomweyomweyo kuisunga kambirimbiri, n'chifukwa chiyani?

"Si yomweyo," anatero m'Chingerezi chawocho, akutulutsa matepi atatu. "Apa anaimba kukugwa mvula, anthu atanyowa, mumve mmene akufuulira. Apa wa gitala anasochera pakati pa nyimbo, anzake n'kumutsata kuthengo komweko mpaka anakatulukira kwina. Apa woimba anaiwala mawu, anthu n'kumuimbira. Tamverani nokha."

Ndinamvera mwaulemu wa pa uneba. Mumtima ndimvekere, awa ndi mavuto a anthu okhuta.

Tsopano za Anachisale. Aliyense amene anapitako ku ukwati, ku chinkhoswe kapena kumaliro a Mmalawi pakati pa Maryland ndi Virginia amawadziwa, ngakhale dzina lawo la pa chiphaso sakulidziwa. Ndi mayi wamfupi wa ku Dedza, amasamalira okalamba m'makomo ku Falls Church, ndipo ndiwo amatiyambitsira nyimbo. Sanaphunzire zoimba kusukulu iliyonse. Koma akangokweza mawu, anthu amene amakangana panja za poimika galimoto amapezeka akuvomera limodzi ngati ana a mimba imodzi.

Mwezi wathawu madokotala anawapeza ndi chotupa cha chithokomiro pakhosi, n'kunena kuti chichotsedwe. Opaleshoni inaikidwa Lachiwiri la sabata ino. Poti ine ndine nesi, anandifunsa mosapsatira nditapita kukawaona: "Anambewe, nanga mawu?" Ndinawauza zomwe dokotala anali atawauza kale. Mitsempha ya mawu imadutsa pomwepo. Ambiri amachira bwinobwino, ena mawu amabwerera osasa, ena kuyankhula amayankhula koma kuimba kumapitiratu. Anangoti "chabwino", n'kuyamba kundifunsa za ana.

Pobwerera, ndili m'sitima, ndinayamba kufufuza m'foni mwanga kuti ndiwamve akuimba. Ndinatsegula vidiyo ya ukwati wa mwana wanga. Anatijambulira ndi a Chanda, bambo wa ku Zambia amene amajambula zochitika zathu zonse, munthu wodziwa ntchito yake. Ndinafika pamene Anachisale akulowetsa mkwatibwi ndi nyimbo. Akuoneka bwinobwino, mutu atakweza, mitsempha ya m'khosi itatuluka, pakamwa pakuyenda. Koma chimene chikumveka ndi nyimbo ya mu situdiyo, ya munthu wina, wamwamunanso. Ndinatsegula ya chinkhoswe cha mwana wa mnzanga, chimodzimodzi. Ya mwambo wokumbukira m'bale wathu wina amene tinamutumiza kumudzi m'bokosi, chimodzimodzi.

A Chanda musawaloze chala. Ndife amene timawauza kuti "mutichotsere phokosolo, muikepo kanyimbo kabwino".

Nanga tizidutswa tija timajambula tokha pa foni? Mukudziwa mmene timakhalira. Mwini foni ndiye amamveka kwambiri, akuimba mophonya pafupi ndi maikolofoni, kapena akufunsa mnzake ngati mpunga watsala. Zaka zonsezi mayiyu watiimbira, ife tilibe ngakhale nyimbo imodzi yathunthu ya mawu awo. Ndinakwiya, ndipo ndinachita mantha. Madzi akatayika saoleka, ndipo Lachiwiri linali kuyandikira.

Amayi a gulu lathu anali atakonza kale mapemphero ndi nyimbo Loweruka masana, owaperekezera Anachisale kuchipatala. Ndinagogoda kwa a Howard, ulendo uno mopanda ndewu. Ndisanamalize n'komwe kufotokoza, iwo anali atayamba kale kutulutsa zingwe m'kabati. Anandichenjeza chinthu chimodzi: "Ndikayatsa makina sindiyankhula. Pafupi ndi maikolofoni sipayankhulidwa, ndi mwambo wathu." Ine ndimvekere eya, eya, maganizo ali pa mbale za mandasi zimene ndinalonjeza. Sindinauze aliyense wa mu komiti.

Tinafika anthu akungolowa kumene. A Howard sanapite kutsogolo kumene kunali sipika ndi kiyibodi. Anayendayenda m'holomo akuwomba m'manja kamodzikamodzi n'kumamvetsera, kenako anaimika ndodo yawo pakatikati pa mipando, maikolofoni awiri pamwamba ngati nyanga za mbuzi. Anavala zomvera m'makutu, anayatsa kakina kawo, n'kukhala chete. Kwa iwo mwambo umayamba anthu akamakoka mipando, osati nyimbo ikayamba.

Apa ndiye amayi anayamba kubwera ndi moni. Woyamba anapatsidwa chala pamlomo. Wachiwiri anayesa Chingerezi, poganiza kuti vuto ndi chilankhulo, chala pamlomo. Wachitatu anabwera ndi mbale ya mandasi ndi botolo la zoziziritsa kukhosi, atanjuta ndithu, iwo n'kungopukusa mutu akuloza m'mwamba. Mayiyo anayang'ana kudenga, sanaone kanthu, anabwerera ndi mbale yake nkhope itagwa.

Bambo wina anandikokera pambali. "Alongo, anzanuwa amagwira kuti?"

Ine ndi chilungamo changa chopusa: "Anapuma, anali m'boma."

Mawu amenewo anazungulira holo yonse ndisanakhale n'komwe pansi. Wa boma. Mzungu wa boma, sakuyankhula, akujambula. Tiyeni tinene zoona, poti tili tokhatokha: si onse amene anali m'holomo mapepala awo okhalira m'dziko muno ali bwino. Timadziwa, ndipo sitifunsana. Ndinaona mayi wina akutola jekete la mwana wake. Banja lina linanyamuka ngati likupita kuchimbudzi, koma ndi zikwama zomwe. Anthu amenewa sanali opusa. Amene sanagonepo ndi mantha otere asawaseke.

Mayi Tembo, wapampando wathu, anandikodola. Mayi ameneyu akakuitana ndi chala, umapita.

"Anambewe, mlendo wanuyu ndi wotani? Moni sayankha, chakudya wakana, wangotiloza ndi tindodo taketo. Anthu akuchoka, mukuona? Muuzeni apakire, please, tisanachite manyazi."

"Mayi, ndi aneba anga. Akujambula nyimbo basi."

"Nyimbo sizinayambe. Ndiye panopa akujambula chiyani?"

Ndinayang'ana ndodo ija, ndinayang'ana khomo. Ndikawauza a Howard kuti apakire, mawu a Anachisale apita kuchipatala osajambulidwa. Ndikapanda kuwauza, atsala kuimbira mipando.

Amene anatiwombola ndi mwini nkhani. Anachisale ananyamuka pamene anakhala, kampango kali m'khosi, anayenda pang'onopang'ono mpaka pa ndodo paja. Anaiyang'ana kuchokera pansi mpaka pamwamba ngati akugula nzimbe. Kenako anandiitana kuti ndimasulire.

"Auzeni bambowa kuti ndamva zoti akufuna mawu anga. Sindikana. Mwina ndatsala nawo ochepa, koma ndiwapatsa. Kungoti munthu wofuna mawu a mnzake amayamba wapereka ake." Anatembenukira kwa iwo. "Muli bwanji, bambo?"

Ndinamasulira. A Howard anayang'ana kagetsi kofiira ka pa makina awo, anayang'ana ine, anayang'ana mayi wamfupi amene anaima patsogolo pawo akudikira. Munthu amene kuyambira unyamata wake sanatsokomolepo pafupi ndi maikolofoni anavula zomvera zija, anaimirira, n'kutulutsa mawu amene ndinawaphunzitsa kalekale pa masitepe a kunyumba kwathu.

"Ndili bwino, kaya inu?"

Katchulidwe kake kanali kolumala miyendo yonse, koma nthungululu zimene zinalira pamenepo, maikolofoni aja anadziwa kuti afika pakati pa Amalawi. Anachisale anawagwira dzanja n'kuyamba kuwayendetsa mzere ndi mzere, aliyense moni wake, makina akujambulabe okha. Atafika kutsogolo anawauza kuti anene za iwo eni. A Howard anafotokoza kuti zonse zimene ajambule azipereka m'manja mwa Anachisale, ndipo sizipita kwina kulikonse mwini wake asananene. Anawonjezera kuti m'boma muja iwo anali wa za nkhalango.

Bambo uja amene anandikokera pambali anafuula ali kumbuyo: "Aa, wa folesitile? Ndiye tapulumuka, kuno makala sitiwotcha!"

Holo yonse inagwa ndi phwete. Banja lija linabwerera kuchokera pakhomo, jekete linabwerera pa mpando, ndipo mbale ya mandasi inalandiridwa ndi manja awiri.

Abusa atapemphera, Anachisale anaimirira. Wa kiyibodi anali atatchera kale ng'oma zake za m'makina zija, zogunda mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mayi anayamba nyimbo yakale imene tonse tinakula nayo, motsitsa, ngati akudziimbira okha akutsuka mbale. Akafuna amakoka, akafuna amathamanga. Makina a kiyibodi aja anayesa kuwatsata, analephera. Mwini wake anawazimitsa n'kuyamba kuwomba m'manja ngati tonsefe.

Atamaliza mawu amene timawadziwa, sanaleke. Anayamba kuikamo awoawo. Anaimba za basi imene timaidikira m'chisanu zala zitauma. Anaimba za agogo a eni ake amene timawasambitsa, iwo n'kumatitchula mayina a anthu ena. Anaimba za ana athu amene timawafunsa m'Chichewa n'kutiyankha m'Chingerezi. Anatchula mayina a anzathu amene anabwera pa ndege atakhala pa mpando n'kubwerera ali kunsi ndi katundu. Mzere uliwonse ife tikuvomera, mapazi akugunda pansi, amayi ena atayamba kale kuzungulira. Ndinaponya maso kwa a Howard. Anali atatseka maso, mapewa akuvina, koma mapazi atawakhomerera pansi kuopa kugwedeza ndodo.

Kenako chimene tinkaopa chinachitika. Anachisale anakwera pamwamba, pamalo pamene nthawi zonse amatidzutsira tsitsi, mawu n'kuthyoka. Anayesanso, kunangotuluka mpweya. Anagwira pakhosi. Manja onse analeka kuwomba.

Mukudziwa amene anatola nyimboyo? Mayi Tembo. Mayi amene zaka zonsezi ntchito yake ndi kulengeza ndi kudzudzula, amene sitinamumvepo akuimba. Anaitola pamene inagwera, mophonya, ndi mawu onga a chitseko chosowa mafuta, koma anaitola. Wina anamuthandiza, kenako mzere wonse, kenako holo yonse. Tinaibwereza, tinaibwerezanso, osaleka, mpaka Anachisale anameza malovu, anapuma, n'kudzakwera pamwamba pa tonsefe ndi mawu amene sindinawamvepo chiyambire. Ndinalira poyera, osabisa, ndipo sindinali ndekha.

Titamaliza, a Chanda, amene ankajambula vidiyo monga mwa nthawi zonse, anabwera akupinda zingwe zawo, mwa chifundo chawo chonse.

"Ba sister, osadandaula. Paja pamene voice inakana nizajuba, nizafakapo ka nyimbo ka bwino. Na chongo chonse nizachosa."

A Howard anafunsa kuti akuti chiyani. Nditamasulira kuti akufuna adule pamene mawu anathyoka n'kuchotsa phokoso, a Howard anachita ngati ndawauza kuti tikuwotcha nkhalango. Anangotenga zomvera zija n'kuwaveka a Chanda, n'kubweza makina pamalo pomwepo. A Chanda anamvera ataimirira, kenako anakhala pansi. Anamvera mpaka pamene Anachisale anabwerera. Atavula anapukuta m'maso ndi chala chachikulu.

"Iyi sound munipaseko. Nizafaka yamene iyi, na chongo chake chonse."

Mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, akuluakulu sananame. Koma funso limene lakhala likundisowetsa mtendere sabata yonseyi ndi lakuti: ifeyo lumo lathu tinalitaya kuti?

Chifukwa taganizani. Chimene a Howard ndi anzawo ankachiyendera mitunda yaitali, kugona m'magalimoto kuti akachione, n'chiyani? Nyimbo imene siimbidwa mofanana kawiri. Woyambitsa amene amasiya njira n'kulowa patchire, enawo n'kumutsata. Gulu limene limatola nyimbo ikagwa. Kodi si zimene timachita Loweruka lililonse? Si zimene zimachitika pa chinkhoswe chilichonse, pa siwa iliyonse, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa? Ife tinabadwira m'zimenezi. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anaziona kuti n'chuma, n'kuzisunga. Ife timazitcha phokoso, n'kupempha munthu kuti atifufutire.

Anatiuza ndani kuti chitsokomolo ndi tchimo? Kuti mwana akalira pakati pa nyimbo ndiye kuti nyimbo yawonongeka? Kuti mpando ukakhuluzika, kapena mayi akaimba nthungululu pamalo posayembekezeka, ndiye kuti tachita manyazi?

Taonani makwaya athu masiku ano. Amabwera atavala yunifolomu yowala, amapereka fulashi kwa wa zokuzira mawu, nyimbo n'kumalira yokha iwo akungovina ndi kuyendetsa milomo. Kumudzi bola, magetsi amathima n'kuwaulula. Kuno magetsi sathimathima, ndiye munthu akhoza kukhala mu kwaya mpaka kukalamba osadziwika kuti mawu alibe.

Malume anga ena, amene anali munthu wa zisangalalo, ankakonda kunena kuti magulu oimba a kwathu aja sitinawamve ife omvera pa wailesi. Ankati kuwamva kwenikweni kunali Loweruka m'mahotela ndi m'mabala a ku Limbe, gitala ikakana kuleka, woimba akuitana anthu ndi mayina, ovina akumubwezera. Ndinkati ndi zokamba za akuluakulu. Lero ndikufuna nditamva, koma ndikamvera kuti? Panalibe munthu wa ndodo pakati pa chinamtindi. Chimene chinatsala ndi kanyimbo kakafupi ka mu situdiyo, kosambitsidwa, kopesedwa, kovekedwa taye. Oimbawo ambiri anapita, ndipo Loweruka lawo linapita nawo.

Nthawi imeneyo tinali ndi chowiringula, makina anali osowa. Nanga lero, pamene aliyense ali ndi makina m'thumba?

Sindikunena kuti situdiyo ndi yoipa. Chithunzi cha pa chiphaso nachonso chili ndi ntchito yake. Koma palibe amene amalira akaona chithunzi cha pa chiphaso cha mayi ake. Timalira tikaona chija anajambulidwa mosadziwa, akuseka, chitenje chitapotoka.

Palinso nkhani ya kugawa ija. Ife tikajambula kanthu timakatsekera m'foni, foni n'kugwera m'madzi, nkhani n'kuthera pomwepo. Kapena timadikira kuti tidzakonze kaye bwinobwino, tidzaike dzina lathu, mwina tidzagulitse. A Howard anandiuza tsiku lina kuti nyumba yawo itapsa lero sangataye nyimbo ngakhale imodzi, chifukwa tepi iliyonse imene ali nayo ilinso kwa anzawo ena, m'mizinda ina, anthu oti ena sanaonanepo nawo maso ndi maso. Chimene wagawa ndi chimene wasunga. Zimenezinso ife timazidziwa bwino pa nkhani ya mbewu, koma pa nyimbo tinaiwala.

Opaleshoni inachitika Lachiwiri, ndipo chotupa chinachoka bwino. Tiyamike Mulungu ndi manja a madokotala. Lachinayi masana ine ndi a Howard tinakwera galimoto yawo, kudutsa msewu waukulu wa Beltway ndi thirafiki yake, mpaka ku Falls Church. Anatitsegulira ndi Thoko, mwana wamkazi wa Anachisale, amene nayenso ali kale ndi ana. Anatinong'oneza pakhomo kuti mawu sanabwere. Dokotala akuti tidikire miyezi, palibe amene angalonjeze kanthu.

Tinawapeza atakhala pa sofa, bandeji pakhosi, maso ali gwa ngati kale. Moni anatipatsa ndi manong'onong'o, ndipo a Howard anayankha msangamsanga asanafunsidwe kawiri. Anaika timasipika tawo pa tebulo, anapereka kakhadi kamene anakoperamo zonse zimene anajambula m'manja mwa mwini wake monga analonjezera, kenako anayatsa.

Chipinda chija chinasanduka holo. Mipando ikukokedwa, ana akuthamanga, moni wokanidwa uja akumveka mmodzimmodzi, mpaka nthabwala ya makala. Anachisale anaseka atagwira bandeji, Thoko akuwaletsa. Kenako mawu awo analowa, motsitsa muja. Anasiya kuseka. Anatsamira, anatseka maso, chala chikugunda pa bondo. Ndinazindikira kuti mayiyu, ndi zaka zake zonse, aka kanali koyamba kudzimva yekha mmene ife timamumvera.

Titayandikira pamene mawu anathyoka, ine ndinayang'anitsitsa Anachisale. Panafika. Mpweya uja unamveka, chete uja anamveka, kenako chitseko chosowa mafuta chija. Anachisale anakweza dzanja. A Howard anaimitsa, akuganiza kuti zawapweteka.

"Bwerezani pamenepo," ananong'ona.

Anabwereza. Anamvera mpaka pamene anadzakwera pamwamba pa gulu lonse. Anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Mayi Tembo kuimba sadziwa," anatero. "Koma anandibereka kumsana."

Ndinawafunsa kuti tichite nazo chiyani. Anati tigawire aliyense wofuna, a m'holo muja ayambe avomera, ndipo zikafike ku Dedza kwa achemwali awo. Osachotsa kanthu, osagulitsa. Nditamasulira, a Howard anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva ulaliki wa mpingo wake m'dziko lachilendo.

Thoko ndiye anali atalephera kudzigwira. Anagwada pafupi ndi mayi ake akulira. "Mami, don't worry, mawu abwerera. Muimbanso, mwamva?"

Anachisale anamusisita pamutu, anatikodola tonse kuti tiyandikire, poti mawu awo sakanafika patali.

"Akabwera, abwere. Akapanda kubwera, ndaimba mokwanira. Chimene chinkandidya ine ndi china. Maliro a anthu onsewa nyimbo ndayambitsa ndine. Ndinkati, nanga anga adzayambitsa ndani? Tsopano munthu ndamupeza." Analoza timasipika tija, akumwetulira ngati wawina mlandu. "Ndidzayambitsa ndekha. Inu muzidzangovomera."

Tinaseka misozi ili m'masaya, ndipo ndinatuluka m'nyumba muja ndikuyenda ngati timu yanga yatenga chikho.

Nanga inu, kwanuko amakuyambitsirani nyimbo ndani? Ndipo mukudikira kuti dokotala anene chiyani kuti muyatse makina?